Monte Cristo kapena Yusuf (AS): Amene anakunamizira akagwa m'manja mwako, utani naye?

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, ndipo mtendere ndi madalitso zikhale pa Mtumiki wathu Muhammad (SAW), akubanja kwake ndi maswahaba ake.

Uthenga wa sabata ino ndi wautaliko, ndiye khalani pansi kaye. Funso lake ndi ili: munthu wakunamizira mlandu, wakuwonongera dzina, wakutayitsa zaka zako. Patapita nthawi Allah wakukweza, iye uja wagwa m'manja mwako. Utani naye?

Pali buku lina limene dziko lakhala likulikonda kwa zaka zoposa 180 chifukwa cha funso lomweli. Dzina lake ndi The Count of Monte Cristo, analemba ndi Alexandre Dumas wa ku France, ndipo linayamba kutuluka m'nyuzipepala mu 1844. Ambiri a ife sitinaliwerenge koma filimu yake tinaiona. Amene simunaonere mundikhululukire, ndiulula mathero. Komanso sikuti ndikutsatsa filimu ayi, zina zimene zili m'menemo Msilamu ayenera kutembenuza maso. Chimene ndikufuna ndi phunziro lake.

Nkhani yake mwachidule. Edmond Dantès ndi mnyamata wa zaka 19, wogwira ntchito m'sitima ya pamadzi mumzinda wa Marseille. Chaka ndi 1815. Watsala pang'ono kukwezedwa kukhala woyendetsa sitimayo, komanso watsala pang'ono kukwatira bwenzi lake Mercédès. Pa tsiku la phwando la ukwati wake akubwera kudzamugwira. Anthu anayi ndi amene anamugwetsa. Danglars ankasilira udindo wake, ndiye analemba kalata yopanda dzina yomuneneza kuti ndi kazitape wa Napoleon. Fernand ankafuna Mercédès, ndiye anakaitumiza kalatayo. Caderousse, neba wake, anaona zonse zikukonzedwa koma anatseka pakamwa. Villefort, woimira boma pa milandu, anaona yekha kuti mnyamatayu ndi wosalakwa, koma pofuna kuteteza dzina la bambo ake ndi ntchito yake, anawotcha umboni n'kumutumiza kundende ya pachilumba yotchedwa Château d'If popanda kuzengedwa mlandu.

Zaka 14 ali m'menemo. Bambo ake anafa ndi njala. Mercédès anakwatiwa ndi Fernand yemwe uja. Mkaidi mnzake wokalamba, Abbé Faria, anamuphunzitsa zilankhulo ndi maphunziro ena, n'kumuuza za chuma chobisika pachilumba cha Monte Cristo. Faria atamwalira, Dantès analowa m'thumba limene anasokereramo mtembo, alonda n'kumuponya m'nyanja akuyesa ndi maliro. Anachipeza chumacho, n'kubwerera ndi dzina latsopano kudzawagwetsa adani ake mmodzimmodzi.

Nkhaniyi yapangidwa filimu kambirimbiri. Ilipo ya 1934 ya Robert Donat, ya 1975 ya Richard Chamberlain, ya 1998 ya Gérard Depardieu, ya 2002 ya Jim Caviezel ndi Guy Pearce imene ambiri tikuidziwa, ndi ya Chifalansa ya 2024 ya Pierre Niney, yotenga pafupifupi maola atatu. N'chifukwa chiyani sikutha? Chifukwa aliyense wa ife ali ndi Danglars wake. Aliyense ali ndi dzina la munthu amene akalikumbukira mtima umatentha. Tikamaona Dantès akuwakhaulitsa, nafsi imati, "Eya, n'zomwezo!"

Koma taonani chimene opanga mafilimu amachita ndi mathero. Mu filimu ya 2002, Dantès akupha Fernand pomenyana ndi malupanga, akumutenganso Mercédès, ndipo akupeza kuti Albert, mwana amene ankadziwika kuti ndi wa Fernand, ndi mwana wake. Zonse zabwerera, palibe chimene wataya. Kubwezera kwaoneka ngati geni yopanda losi.

M'buku sizili choncho. Fernand anadziwombera yekha atayaluka. M'nyumba ya Villefort munafa anthu ndi poizoni, ndipo pamapeto mkazi wake anadzipha pamodzi ndi mwana wawo wamng'ono, Édouard. Mwanayu anali asanabadwe pamene Dantès ankamangidwa. Analakwa chiyani? Mwambi umati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma apa zinatembenuka: zodya akulu zinapota mwana. Dantès ataona mtembo wa mwanayo anazindikira kuti wapyola malire. Iye ankadziona ngati dzanja la Mulungu lolanga oipa, ndipo apa m'pamene anayamba kudzikayikira. Danglars, amene anali womaliza, anamusiya ndi moyo. Ndipo Mercédès sanabwererane naye. Filimu ya 2024 yayesako kusabisa mtengo umenewu: mnyamata amene Dantès anamulera kuti akhale chida chake chobwezera akuphedwa, ndipo Dantès akuchoka yekhayekha panyanja.

Ndiye pali mafilimu amene amakuonetsa kukoma kwa kubwezera n'kukubisira bilu yake. Shaytwaan amagwiranso ntchito chimodzimodzi.

Tsopano tsegulani Surah Yusuf, surah ya nambala 12, ya ma ayah 111, imene Allah mwini wake anaitchula kuti ndi nkhani yabwino koposa. Tinaiphunzira ku madrassa tili ana, koma taiwerengeninso lero ndi maso a munthu wamkulu. Mnyamata wokondedwa ndi bambo ake. Abale ake omwe, chifukwa cha nsanje, akumuponya m'chitsime n'kubwera ndi malaya opaka magazi abodza. Akugulitsidwa pamtengo wochepa ku Iguputo. Mkazi wa bwana wake akumufuna, iye akukana, mkaziyo n'kumutembenuzira mlandu. Umboni unalipo poyera, malaya anang'ambika kumbuyo osati kutsogolo, komabe akuluakulu anaona kuti n'kwabwino amutsekere. Mwamuona Villefort pamenepo? Kundende anamasulira maloto a akaidi anzake awiri, n'kumupempha amene ankatuluka kuti akamukumbuke kwa mfumu. Zinaiwalika. Anakhalamo zaka zingapo, ndipo ma ulamaa amati liwu limene Qur'an yagwiritsa ntchito limatanthauza pakati pa zaka zitatu ndi zisanu ndi zinayi.

Mpaka apa nkhani ziwirizi zikuyenda msewu umodzi: nsanje, bodza, ndende, kenako ulemerero. Zikusiyana pa mphambano zitatu.

Choyamba, m'mene anatulukira. Dantès anathawa m'thumba la maliro n'kubisa dzina lake. Yusuf (AS) atatumiziridwa mthenga wa mfumu kuti atuluke, anakana. Werengani ayah 50. Anamubweza mthengayo kuti mfumu ifufuze kaye nkhani ya amayi aja. Tangoganizani, chitseko chatseguka patatha zaka, munthu n'kunena kuti sindituluka mpaka choonadi chidziwike. Mfumu inafufuza, amayi aja anavomera kuti sanamuone ndi choipa, ndipo mkazi wa bwana uja anaulula yekha. Apa tikuphunzira kuti kukhululuka sikutanthauza kulola bodza likhale. Msilamu ali ndi ufulu woyeretsa dzina lake.

Chachiwiri, chimene anachita ndi mphamvu. Dantès chuma chake chambiri anachithera kutchera misampha. Yusuf (AS) anapempha kuyang'anira nkhokwe za dziko, n'kusunga chakudya cha zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu kuti chipulumutse anthu m'zaka zisanu ndi ziwiri za chilala. Dziko lomwe linamutsekera ndi limene analidyetsa.

Chachitatu, tsiku limene adani anagwa m'manja mwake. Abale ake anabwera ndi njala, akupempha. Akanatha kuwamanga onse osafunsidwa ndi munthu. Atadziulula, iwo n'kuvomera kulakwa kwawo, mu ayah 92 anawauza kuti sawadzudzula, n'kuwapempherera chikhululuko cha Allah. Ndiye taonani ayah 100. Pothokoza Allah pamaso pa makolo ake, anatchula za kutulutsidwa m'ndende koma za chitsime sanazitchule, ndipo udani wonse uja anauika pa Shaytwaan. Ma ulamaa a tafsir amati anatero kuti asawachititse manyazi abale ake atawakhululukira kale. Ife timati "ndakukhululukira" koma pamaliro paliponse, paukwati uliwonse, nkhani ija timaiyambitsanso.

Wina anena kuti, "Aaa, ameneyo anali Mneneri, komanso ndi zakalekale." Chabwino, tibwere kwathu kuno. Afunseni agogo anu za nthawi ya chipani chimodzi. Kalata yopanda dzina ngati ya Danglars inkagwira ntchito m'dziko muno. Munthu ankatha kutengedwa usiku chifukwa wina wakamunenera, n'kukatsekeredwa ku Mikuyu kapena ku Zomba osaonekera kukhoti.

A Machipisa Munthali anakhala m'ndende zaka 27, kuchokera mu 1965 mpaka 1992. Zaka za Dantès uja kuwirikiza pafupifupi kawiri. A Sam Mpasu anatsekeredwa ku Mikuyu mu 1975 chifukwa cha buku lawo la nthano lotchedwa Nobody's Friend. A Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College komanso mlakatuli, anagwidwa ku Zomba mu September 1987 n'kutuluka mu May 1991, zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri, osauzidwa mlandu wawo. Ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: a Focus Gwede, mkulu wa Special Branch amene ankatsekera anzawo, nawonso anamangidwa pamodzi ndi a Albert Muwalo. A Muwalo ananyongedwa mu 1977, a Gwede anakhala m'ndende mpaka 1993. Palibe mkaidi amene anawakonzera msampha. Dongosolo la nkhanza limene ankalitumikira ndi limene linawadya.

Koma nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'Malawi. Iwo ndi amuna awo a Orton Chirwa anagwidwa pa 24 December 1981 atapita kum'mawa kwa Zambia, n'kuweruzidwa kuti aphedwe ndi khoti la mafumu mu 1983. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Anali m'ndende imodzi ya Zomba koma kwa zaka zisanu ndi zitatu sanaloledwe kuonana. Anaonana mu September 1992, ndipo mwezi wotsatira a Orton anamwalira ali m'ndende momwemo. Mayi Vera anatuluka mu January 1993. Mukuganiza anapita kuti? Anayambitsa bungwe la Malawi CARER lothandiza anthu wamba kudziwa ufulu wawo, ndipo kenako bungwe la African Commission on Human and Peoples' Rights linawasankha kukhala woyendera ndende za mu Africa muno. Munthu amene ndende inamulanda mwamuna ndi zaka zoposa 11 anabwereranso kundende, osati kukatsekera adani ake koma kukaona m'mene akaidi ena akusungidwira. Mayiwa ndi Mkhristu, koma khalidwe limeneli Msilamu aliyense akaliona amalizindikira, chifukwa ndi limene Surah Yusuf ikutiphunzitsa.

Ndipo dziko lathu litasintha pa referendamu ya 14 June 1993 ndi chisankho cha 17 May 1994, a Kamuzu Banda sanaperekedwe m'manja mwa gulu la anthu okwiya. Mlandu wa nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983 unapita kukhoti, ndipo khotilo linawamasula mu December 1995. Ambiri sanakhutire ndi chigamulocho. Koma tangoganizani chikhala kuti banja lililonse lopwetekedwa linanyamula zikwanje, bwenzi Malawi ali pati lero?

Tsono Chisilamu chikuti chiyani kwenikweni? Tisanamizane, Deen yathu sikuti imamuuza woponderezedwa kuti angokhala chete. Surah Ash-Shuraa, ma ayah 39 mpaka 43, ikuika zinthu m'malo mwake. Wochitiridwa zoipa akadziteteza palibe mlandu pa iye. Malipiro a choipa asapose choipacho. Koma amene wakhululuka n'kukonza zinthu, malipiro ake ali kwa Allah. Pali masitepe atatu: chilungamo n'chololedwa, kupyola malire n'haraam, kukhululuka ndiye pamwamba. Ndipo qiswaas, kulanga kofanana ndi mlandu, ma ulamaa amagwirizana kuti ndi ntchito ya woweruza ndi olamulira, osati ya munthu aliyense ndi mpeni wake. Qur'an ikubwerezanso m'malo angapo, monga mu Surah Al-An'aam ayah 164, kuti munthu sasenza tchimo la mnzake. Ndiye zija timachita zodana ndi banja lonse, kusawapatsa salaam ana chifukwa cha bambo awo, zikuchokera kuti? Ameneyo ndi Édouard uja tikumuphanso.

Mtumiki (SAW) anatisonyeza ndi zochita. M'chaka cha 8 chisamukireni ku Madinah analowa mu Makkah ndi asilikali 10,000. Anthu amene anamuthamangitsa, kumunyoza ndi kuzunza maswahaba ake anali m'manja mwake, ndipo anapereka chikhululuko kwa anthu a mzindawo kupatula ochepa kwambiri. Wahshi, amene anapha Hamza (RA) pa nkhondo ya Uhud, atalowa Chisilamu analandiridwa. Koma mvetsani ichi: Mtumiki (SAW) anamupempha kuti asamaonekere pamaso pake. Bala linali likadalipo. Ndiye mlongo wanga, m'bale wanga, kukhululuka sikutanthauza kuti uzidya naye mbale imodzi munthu amene anakupweteka, kapena umubwerekenso ndalama, kapena ubwerere kumalo kumene ukuzunzidwa. Ukhoza kukhululuka n'kutalikira.

Kumbukiraninso Abu Bakr (RA). Mwana wake Aisha (RA) ananamiziridwa nkhani yonyansa, Madinah yonse n'kumanong'ona kwa mwezi wathunthu mpaka Allah anamuyeretsa mu Surah An-Nur. Mmodzi mwa ofalitsa anali Mistah, wachibale wosauka amene Abu Bakr ankamuthandiza. Analumbira kuti sadzamupatsanso kanthu. Ndani akanamunena? Koma ayah 22 ya surah yomweyo inatsika ndi funso lakuti kodi iwo safuna kuti Allah awakhululukire. Abu Bakr anayambiranso kumuthandiza Mistah. Sikuti Mistah anali woyenera ayi. Abu Bakr ndi amene ankafuna chikhululuko cha Allah.

Tsopano mbali yowawa. Tikamaonera filimu, tonse timadziika pamalo a Dantès. Palibe amene amati ine ndine Danglars. Koma kalata yopanda dzina ija lero ndi akaunti yabodza ya pa Facebook. Fernand wokaitumiza uja ndi chala chimene chimangotumiza sikirinishoti m'magulu asanu a WhatsApp osafunsa ngati ndi zoona. Caderousse ndi ife tonse amene timadziwa kuti mlongo uyu akunamiziridwa koma timangoti "zisandikhudze". Surah Al-Hujuraat ayah 6 ikutilamula kufufuza nkhani tisanapweteke anthu mwaumbuli n'kudzanong'oneza bondo, ndipo Mtumiki (SAW) anauika umboni wabodza m'gulu la machimo akuluakulu, pafupi ndi shirk ndi kunyoza makolo.

Ndipo pali ndende ina yopanda makoma imene timaidziwa bwino kuno kumpoto. Mnyamata akamwalira mwadzidzidzi, maliro asanaikidwe n'komwe, zala zaloza kale gogo wina kuti ndi mfiti. Nyumba kuwotchedwa, nkhalamba kuthamangitsidwa m'mudzi, ena kuphedwa kumene. Ku Neno mu January 2016 okalamba anayi anaphedwa mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Amene amatsogola ndi miyala nthawi zambiri ndi achinyamata, amsinkhu wathu, ndipo amaona ngati akubwezera imfa ya m'bale wawo. Inde, sihr yatchulidwa m'Qur'an, ndipo chitetezo chake tinaphunzitsidwa: Surah Al-Falaq, An-Naas, Ayatul Kursiy ndi ma adhkaar a m'mawa ndi madzulo. Koma kupita kwa woombeza kuti akuuze amene wakulodza n'koletsedwa m'Deen, ndipo kupha munthu pongomuganizira ndi kupha basi. Ngakhale lamulo la dziko, Witchcraft Act ya 1911, limati kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Asilamu ku Chitipa tilipo ochepa, koma Msilamu mmodzi woimirira n'kunena kuti "dikirani, tiitane amfumu ndi apolisi" akhoza kupulumutsa moyo. Mtumiki (SAW) anatiphunzitsa kuti ngakhale wopondereza timamuthandiza, pomugwira dzanja kuti asiye.

Nanga iwe amene wanamiziridwa lero, utani? Choyamba yeretsa dzina lako mwa njira yake, ngati Yusuf (AS). Sunga umboni, pita kwa akuluakulu a banja, kwa Sheikh, kwa amfumu, kupolisi kapena kukhoti. Dziwa kuti gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo Legal Aid Bureau ilipo kuthandiza amene sangakwanitse kulipira loya. Kudziwa zimenezi sikuchepa kwa tawakkul. Chachiwiri, kweza manja. Pamene Mtumiki (SAW) ankatumiza Mu'aadh (RA) ku Yemen anamuchenjeza za dua ya woponderezedwa, kuti palibe chotchinga pakati pa iyo ndi Allah. Chida chimenecho Dantès analibe nacho chidwi, iwe uli nacho usiku uliwonse. Chachitatu, usamange moyo wako pa mdani wako. Dantès anatuluka m'ndende patatha zaka 14 koma anatha zaka zina pafupifupi khumi akukonzekera kubwezera. Adani ake anamulanda unyamata, zotsalazo anawapatsa yekha. Ukamagona ukuganiza za iye, kudzuka ukuyang'ana zimene waika pa status, ndiye kuti chitseko chinatseguka koma iwe sunatuluke.

Ndipo ngati chilungamo chakanika pano padziko, mlandu suwola. Mu hadith ya Swahih Muslim, Mtumiki (SAW) anafotokoza kuti wosauka weniweni ndi amene adzabwere tsiku la Qiyaamah ndi Swalah, Swaumu ndi Zakaah, koma anatukwana uyu, kunamizira uyo, kudya chuma cha wina. Zabwino zake zidzagawidwa kwa amene anawalakwira, zikadzatha adzasenzetsedwa machimo awo. Hadith imeneyi ndi chitonthozo kwa iwe wonamiziridwa: palibe chako chimene chatayika. Komanso ndi chenjezo kwa iwe wemweyo: ukabwezera mopyola, mawa ndiwe amene udzalipire.

Ntchito ya sabata ino ndi iwiri. Werengani Surah Yusuf yonse ndi tanthauzo lake Jumu'ah isanafike. Kenako lembani mayina awiri pamtima, osati m'makomenti: la munthu amene anakulakwirani, ndi la munthu amene inu munamunenera kapena kumufalitsira nkhani imene simunaitsimikize. Woyambayo mupempherereni, olo mtima ukukana. Wachiwiriyo muimbireni foni.

Yaa Allah, masulani onse amene ali m'ndende popanda mlandu. Tetezani malilime ndi zala zathu ku bodza. Tipatseni kupirira kwa Ya'qub ndi mtima wa Yusuf, ndipo tsiku limene mudzatipatse mphamvu musatisiye tokha ndi mkwiyo wathu. Aameen.

Tumizirani mnzanu amene akudutsa m'zoterezi.